Zomwe ndikuphunzira za ma nanozyme ndi ma enzyme achilengedwe

Masiku ano ndikuwerenga za ma nanozyme, tizidutswa ting'onoting'ono zedi topangidwa mu labu tomwe timagwira ntchito ngati ma enzyme, mapuloteni a m'zamoyo omwe amafulumizitsa kusintha kwa makemikolo. Nkhaniyi inamveka kwambiri mu 2007 pomwe gulu la a Yan Xiyun ku China linaonetsa kuti tizidutswa ta Fe3O4 (kemikolo ya chitsulo ndi okosijeni) timatha kuchita zomwe peroxidase imachita, enzyme yogwiritsa ntchito hydrogen peroxide posintha makemikolo ena.

Kuti zindilowe m'mutu ndinayambira pa ELISA, njira ya mu labu yoyezera zinthu monga zizindikiro za matenda m'magazi. Mmenemo mumakhala HRP, peroxidase yochokera ku muzu wa chomera chotchedwa horseradish, yomangirira ku antibody (puloteni yomwe imagwira chinthu chomwe ukufufuzacho), nde ukathira TMB (kemikolo yosintha mtundu) ndi hydrogen peroxide madzi a m'tizibowo ta puleti yoyezerapo amasanduka abuluu, ukathira asidi kuti ziime amatembenuka achikasu kenako makina amayeza mtunduwo ndi kuwala kwa 450 nm. Vuto ndi loti HRP ndi puloteni, ikangomva kutentha imaonongeka, imafuna filiji nthawi zonse ndipo kuiyeretsa kumadya ndalama. Fe3O4 ndiyopirira, imasungika nthawi yaitali, komanso maginito amaikoka ndiye ukhoza kuitola mu sampulo mosavuta. Apa ndinagoma ndithu.

Koma pomwe ndakhalitsa ndi apa: nanozyme sidziwa kusankha. Enzyme yotchedwa glucose oxidase imagwira glucose (shuga wa m'magazi) chifukwa kamalo kake kogwirira ntchito kanaumbika moti glucose ndi amene amakwanamo bwino, pomwe pamwamba pa kachidutswa ka chitsulo palibe kamalo kotero, zinthu zambirimbiri zimafikapo, ndipo mapuloteni a m'magazi akamatirirapo mphamvu yake imatsika. Kuonjezera apo Fe3O4 imachita bwino pa pH (muyezo wa asidi) ya cha m'ma 4, pomwe magazi ali pa 7.4.

Nchifukwa chake ofufuza ambiri amangoziphatikiza. Glucose oxidase igwire glucose itulutse hydrogen peroxide, nanozyme imalizitse posintha mtundu. Kapena amamata antibody pa nanozyme, ngati pa kasitiripi koyezera Ebola komwe anakalengeza mu 2015, kusankhako kumachokera kwa antibody.

Ine ndikufunitsitsa zimenezi zitheke, chifukwa choyezera matenda chosadalira filiji chingafike kwa anthu ochuluka kwabasi. Komabe ndikaona pepala likuti nanozyme yaposa HRP ndimathamangira kaye pa gawo la mmene anayesera, ndione ngati anayesa mu buffer yoyera (madzi okonzedwa mu labu) kapena mu seramu (madzi a m'magazi) ya munthu wodwala, ndiponso ngati anaikamo zinthu zosokoneza monga ascorbic acid (vitamini C) ndi uric acid zomwe zimapezeka m'magazi.