Tochi ya aneba ku Wissant

Lachitatu usiku. Tulo takana, ndiye ndingolemba.

Tagona ku Wissant, kamudzi ka m'mbali mwa nyanja kumpoto kwa France, pakati pa Cap Gris-Nez ndi Cap Blanc-Nez. Mawa m'mamawa tikakwera sitima ya pamadzi ku Calais, ola limodzi ndi theka tili ku Dover ku England, ulendo watha. Chichokereni Britain mu EU, mgwirizano wa maiko a ku Ulaya, munthu wa pasipoti ya Britain saloledwa kupyola masiku 90 pa masiku 180 alionse m'maiko a Schengen, gulu la maiko a ku Ulaya amene anatsegulirana malire, ndiye ufune usafune nthawi imakwana yoti motorhome, galimoto yogonamo ngati nyumba, iloze kumpoto. Ndinalonjeza kuti ndilemba za Algarve ku Portugal ndi za mapiri a Picos de Europa ku Spain, kumene abambo akunyumba anatuluka thukuta la m'manja pa timisewu tokhotakhota tija. Zimenezo zidikire. Lero mutu wanga wadzaza ndi mkulu wina amene waimika galimoto yake pafupi ndi yathu.

Ndi munthu wabwino, ndiyambire pamenepo. Mzungu wa ku England, wachikulire, tsitsi lonse mbuu. Akazi awo anamwalira, amayenda okha ndi kagalu. Titafika masana paipi yathu inakana kulowa pa mpope wa pano, iwo osapemphedwa anabwera ndi kachitsulo kolumikizira n'kuima nafe mpaka thanki inadzaza. Abambo anawaitanira tiyi. Ine ndinatulutsa zotsala za mu firiji, tchizi ndi soseji, poti mu Epulo 2025 analetsa kulowa ku Britain ndi nyama kapena zamkaka zochokera ku EU, kuopa matenda a ng'ombe a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. Tinakhala pa timipando topinda kumadya mokakamizana, kagalu nako kakulandira gawo lake, nkhani ili ya mtengo wa dizilo ndi misewu yolipira.

Kenaka mumsewu munadutsa kagulu ka anyamata. Akuda ngati ife, majekete okhuthala, zikwama kumsana, mmodzi atasenza chigubu cha madzi paphewa. Wam'mbuyo anali wamng'ono kwambiri, nsapato imodzi yomanga ndi chingwe cha buluu. Sanayang'ane kumene tinali. Aneba anatsitsa mawu.

"Usiku uno mukhome paliponse," anatero. "Mawa musanalowe padoko muyang'ane pansi pa galimoto, mosungira katundu kumbuyoku, ngakhale padenga. Anthu awa amalowa pamene inu simungaganizire."

Anafotokoza bwinobwino. Akakupeza ndi munthu wobisala, chindapusa chimatha kufika mapaundi 10,000 pa munthu mmodzi, anachikweza mu 2023 kuchoka pa 2,000, ndipo safunsa kuti ndiwe dalaivala wa lole kapena wongoyenda kokasangalala. Anakamba za banja lina la ku Essex limene litafika pakhomo pawo linapeza mnyamata wa ku Sudan ali m'chinsalu chophimbira njinga kumbuyo kwa motorhome. Anaimbira okha apolisi, koma kalata ya chindapusa cha mapaundi 1,500 inabwerabe, ndipo anachita kuchichotsa nkhani itamveka pa wailesi ndi m'manyuzi. Nanenso ndinaiwerengapo nkhaniyi. Palibe bodza limene mkuluyu ananena.

Atamaliza anatiyang'ana, ine kenaka abambo, ngati akutiona kumene. Nkhope inafiira pang'ono.

"Musandimve molakwika. Inuyo ndi ena, munabwera mwa njira yake." Anakhala chete, n'kupitiriza. "Komabe inu muyang'anitsitse kuposa ine. Akakapezeka m'galimoto yanu, palibe amene adzakhulupirire kuti simumadziwa."

N'kudzuka, kupita ku galimoto yawo, kubwera ndi tochi yaikulu yachikasu. Akuti tibweze mawa pamzere wa sitima.

Ndinati zikomo. Ndinalandira ndi manja awiri, mmene anatilerera.

Zoti ife ndi ena ndinazimvapo kambirimbiri, mu wodi, m'basi, ngakhale kutchalitchi. Khutu linazolowera. Zandikhala pakhosi ndi zachiwirizo, chifukwa ndi zoona, ndipo ananena pofuna kutithandiza. Munthu akakunyoza umadziwa pomuika. Nanga uyu, wakuthandiza kutunga madzi, wadya tchizi pa mbale yako, n'kukuuza mokoma mtima kuti khungu lako likakhala umboni padoko, umuika pati?

Abambo sakuona vuto. Titalowa m'kati ndinayamba ine.

"Inu simunamve zimene ananena zija?"

"Ndinamva, mayi. Wanama pati?"

"Sindikunena kuti wanama."

"Ndiye chavuta n'chiyani? Muli nawo mapaundi 10,000 inu?"

Ndilibe. Galimoto yomweyi tikulipirabe. Ndinangotenga jekete n'kutuluka.

Kugombe kunali mphepo. Kukayera bwino, matanthwe oyera a ku Dover amaoneka ndi maso uli pano, chifukwa kuchoka pa Cap Gris-Nez kuwoloka ndi makilomita 34 okha, mtunda woti pa galimoto sumaliza n'komwe nkhani imodzi. Madzi omwewa anamiza anthu 27 usiku umodzi mu Novembala 2021, bwato lawo lopopa litaphwa. Apolisi awiri ankayenda pa milu ya mchenga, wina akuyang'ana patali ndi zoonera zake. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu. Kaya chinawatembenuza ndi nsapato zanga zoyera, kaya magalasi, kaya msinkhu, koma anapitiriza ulendo wawo. Ndinazindikira kuti dzanja langa linali kale m'thumba, pa pasipoti.

"Njira yake" imene mkulu uja akunena ndikuidziwa. Ndinakwera ndege ku Lilongwe ndi kalata ya ntchito, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, nthawi imene zipatala za ku Britain zinkasowa anamwino n'kumatenga ife amene Malawi anatiphunzitsa ndi ndalama zake zochepazo. Khomo linali lotsekula chifukwa m'nyumbamo munkafunika manja, ine ndinangopezeka ndili ndi pepala loyenera chaka choyenera. Achimwene anga anapita ku Joni zaka zomwezo. Analowa bwanji, pabanja pathu sitifunsana, timangodziwa kuti malata a nyumba ya amayi anachokera kumeneko. Ndipo anyamata ngati adutsa masanawa, anzawo ena salowera kumpoto, amatsikira kumwera kudzera kwathu komwe. Mu Okutobala 2022 m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba anafukula mitembo pafupifupi 30 ya anthu amene ankawaganizira kuti ndi ochokera ku Ethiopia. Ndinaimva nkhaniyo ndili pa ntchito ya usiku, n'kupukusa mutu, n'kukapereka mankhwala. Lero yabweranso yokha pagombe la anthu ena.

Sindikudziwa chimene ndinkafuna kuti abambo anene. Kuti tisakhome? Ayi, nanenso ndikhoma. Mwina ndimangofuna kuti akhumudwe nane pang'ono.

Mwinanso vuto si mkuluyu yekha. Sabata yonseyi mtima wanga sunakhale m'malo. Galimotoyi yanditopetsa, ndisaname. Kusamba ndi madzi owerengera, kukoka kathanki ka kuchimbudzi kukataya anthu akuona, kupinda bedi kuti upeze pokhala, kudziwa kuti ukakwiya palibe chipinda china chothawirako. Ufa wathu unatha tili ku Spain, chiyambire tikuphika nsima ya polenta, yachikasu ngati ya chimanga chachithandizo cha chilala cha 1992, ndipo abambo amadandaula tsiku lililonse ngati ndinalima ndine. Koma ndikaganiza zoika kiyi pachitseko cha nyumba, mulu wa makalata pansi, alamu ya Lolemba, mimba imandipota. Kuno m'mawa uliwonse funso limakhala loti tilowera kuti. Kumeneko funsolo kulibe.

Ndiye taganizani. Ine ndikudandaula kuti ndatopa kugona m'nyumba ya matayala imene ndinaisankha ndekha, ya chitofu, ya firiji, ya chotenthetsera, pamene mwana wa nsapato ya chingwe uja akagona kuseri kwa mchenga pa mphepo imeneyi. Kuganiza choncho sikukundipangitsa kuyamika monga amanenera anthu a Mulungu. Kukungondinyansa, ndipo sindikudziwa kuti ndinyansidwe ndi ndani.

Ulendo wonsewu, malo ogona a motorhome amene tafikapo, anthu akuda tinkakhala ife tokha pafupifupi paliponse. Ena ankatipatsa moni mopitirira muyeso, ena ankasuzumira pa katani. Ku Portugal mayi wina anafunsa abambo ngati galimotoyi akukaipereka kwa mwini wake. Tinaseka mpaka misozi tsiku limenelo. Lero kuseka kwakana, kaya n'chifukwa choti tayandikira kwathu. Kwathu kwake kuti, poti ndikanena choncho amayi pa foni amayesa ndikunena ku Ntcheu.

Pobwera kugombe ndinapeza aneba atakhala pakhomo pa galimoto yawo, kagalu pamiyendo. Anandiitana, "Mayi, mphepo yakula, musazizidwe." Anandipatsa kapepala kolembapo adiresi yawo, akuti tikadzadutsa cha kwawo tidzaime, pabwalo pawo pali malo okwana motorhome ziwiri, ndipo chimwalirireni akazi awo sipabwera alendo. Maso anali ofiira, mwina ndi mphepo yomweyo. Ndinalandiranso. Abambo akuti tidzapite chilimwe chikubwerachi. Ine sindinayankhe.

Panopa ikudutsa 11 koloko. Gasi tatseka kale, mapasipoti ali m'kachikwama pampando wa kutsogolo, soseji yatsalabe ndipo palibe akuifuna. Ndinaganiza zoikulunga ndi buledi n'kukaisiya pa mpope paja, kenaka ndinakumbukira kuti ndi ya nkhumba, ndipo mwina ambiri mwa anyamatawa sadya. Tchizi ndi buledi ndakasiya. Abambo anandiona, sananene kanthu.

Posachedwapa anatuluka ndi tochi ija. Ndimawamva akugwada pa miyala, bondo lawo lovuta lija, akutsekula kabokosi kalikonse, kutseka, kuyesa loko kawiri. Atalowa ndinawafunsa.

"Mwayang'ana pansi?"

"Ndayang'ana."

"Mukanapeza munthu mukanatani?"

Anavula nsapato, kuika tochi patebulo.

"Gonani mayi, tidzuka 5 koloko."

Iwo akuliza kale mkonono. Mawa m'mawa ayang'ananso, ndipo ndikudziwa kuti ine ndi amene ndidzawagwirire tochiyo, poti maso awo saona bwino kukakhala mdima. Mwana watumiza uthenga pa WhatsApp kufunsa ngati agule mkaka ndi buledi tisanafike. Ndimuyankha tikadutsa pa mageti.