Makilo 58 a m'buku, makilo 36 a pa sikelo

Za Lolemba ndi Lachiwiri pachipatala pathu pano sinditaya nazo nthawi, nonse mukuzidziwa: malungo, zifuwa, ana otsegula m'mimba, mzere wa OPD mpaka panja, LA alipo koma amoxicillin watha. Chimene chandiwawa sabata ino chinachitika Lachitatu m'mawa.

Kabaza inafika ndi agogo ena aakazi atawakhazika pakati, kumbuyo mdzukulu wawo atawagwira m'chiuno. "Adokotala, agogo asiya kuyankhula kuyambira mbandakucha." Thupi lili zii, thukuta lili kamukamu, dzanja lamanja lolefuka. Aliyense pakhonde anali atagamula kale kuti ndi sitiroko. Mtsikanayo anandinong'oneza kuti mlungu wathawo anawapeza kuseri kwa nkhokwe m'mamawa atasokonezeka, sakudziwa khomo la nyumba yawo, ndipo ena pamudzi ayamba kale kunena kuti agwa pa lichero. Timadziwa zimene zimatsatira mawu amenewo kwa munthu wokalamba kuno kwathu.

Timapepala toyezera shuga ku OPD tinatha kale. Namwino anathamangira ku matenite kukapempha kamodzi. Makina anaonetsa 34 mg/dL, shuga wotsika kwambiri. Tinabaya dextrose 50%, madzi a shuga, mumtsempha, ndipo tisanamalize kumata pulasitala agogo anatsegula maso n'kufunsa mdzukuluyo ngati watsegulira nkhuku. Dzanja lija linayamba kugwira ntchito. Panalibe sitiroko, panalibe lichero.

Ndinatenga buku lawo la kuchipatala, ndipo m'pamene mtima unayamba kunditentha. Ndi wodwala wathu wa kukiliniki ya shuga ndi BP, salumpha tsiku. A shuga, glibenclamide 5 mg kawiri pa tsiku ndi metformin 1 g kawiri pa tsiku; a BP, HCTZ m'mawa. Tsamba ndi tsamba mankhwala omwewo, ndipo pa malo olemba kulemera kwa thupi palembedwa 58 kg, ulendo uliwonse, kwa zaka zitatu. Koma munthu amene anagona patsogolo pangayo ndikanatha kumunyamula ndekha osapuma pa njira. Tinawaimika pa sikelo ya amayi oyembekezera, poti ndi yokhayo yamoyo pachipatala pano: 36 kg. Tepi ya pamkono, yoyezera kunyentchera, inapereka 18 cm. Mapazi anali otupa mpaka m'mawondo, ndiye kuti ngakhale mu 36 momwemo muli madzi.

Sikelo ya kukiliniki ya shuga inafa kalekale. Anzanga a kumeneko sindiwada, amaona anthu ochuluka pa tsiku limodzi, fomu imafuna nambala, ndiye amakopera ya ulendo watha. Ine mkwiyo wanga uli pa amene anauzidwa kambirimbiri kuti sikelo yafa.

Zaka zawo tinachita kuwerengera limodzi. Chiphaso cha unzika chili ndi chaka chongoyerekeza, koma iwo amakumbukira bwino njala ya 1949, akuti anali atatsala pang'ono kutha msinkhu, ankapita ndi amayi awo kukakumba zikhawo za nthochi. Tinagwirizana pa 88.

Magazi tinatumiza ku labu. Hb, muyeso wa kuchuluka kwa magazi, inabwera tsiku lomwelo, 7.9. Mzimayi amayenera kukhala pa 12 kupita m'mwamba, ndipo pansi pa 8 ndi kuchepa magazi kwakukulu. Pofunsitsa, agogo anavomera kuti amamwa bufeni wa pagolosale pafupifupi tsiku lililonse chifukwa cha mawondo, ndipo chimbudzi chakhala chakuda kwa miyezi, chizindikiro choti magazi akutayika m'mimba. Sodium, mchere wa m'magazi, sitinayeze, albumin, puloteni ya m'magazi, sitinayeze, mankhwala a makina kulibe. Creatinine, yoonera mmene impso zikugwirira ntchito, inatuluka Lachinayi: 95 µmol/L. Pa pepala la labu nambala imeneyi ilibe chizindikiro chilichonse, ili m'malire, ndipo wophunzira wina amene tili naye pa wodi anandiuza mosangalala kuti impso zili bwino.

Ndinamukhazika pansi, chifukwa apa ndi pamene timataya okalamba ambiri. Creatinine imachokera ku minofu. Mnyamata wolima dimba ali ndi minofu yambiri, 95 wake ndi wabwinodi. Agogo amene atsala mafupa ndi khungu amapanga creatinine wochepa kwambiri, ndiye akafika pa 95 ndiye kuti impso zikulephera kutulutsa ngakhale kochepako. Tinawerengera mphamvu ya impso pa kapepala ndi njira ya Cockcroft-Gault: 140 kuchotsa 88, kuchulukitsa ndi makilo, kuchulukitsa ndi 1.04 poti ndi mzimayi, kugawa ndi 95. Ndi makilo 58 a m'buku yankho ndi 33. Ndi makilo 36 enieni yankho ndi pafupifupi 20. Metformin saperekedwa pansi pa 30. Ndiye kuti ngakhale munthu wakhama akanati awerengere impso za agogowa pogwiritsa ntchito buku, nambala yokopera ija ikanamunamiza kuti apitirize mankhwala.

Glibenclamide ndiye osanena. Impso zikafooka amakhalitsa m'thupi, amatsitsa shuga kaya munthu wadya kaya sanadye. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linaika mankhwala ena a shuga, gliclazide, m'malo mwake pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2013, ndipo linalemba poyera kuti glibenclamide ndi wosayenera kwa opitirira zaka 60. Ife mufamase mwathu gliclazide timangomumvera dzina. Tikupereka zomwe zilipo, kwa amene alipo.

Usiku wa Lachitatulo shuga anagwanso cha m'ma 2 koloko, monga mmene glibenclamide amachitira. Dextrose 10% munalibe, tinasakaniza 50% m'botolo la 5%. Timapepala toyezera tinali nato towerengeka, asisita a usiku ankachita kusankha ola loti abaye chala, nthawi zina n'kumangodalira kuwagwira pachipumi ndi kuwayankhulitsa. Ndinauza mdzukulu kuti aphike phala athiremo shuga ndi nsinjiro. Anandiyang'ana ngati ndamutuma kukapha munthu.

"Adokotala, si paja munati shuga ndi poizoni kwa agogo?"

"Tinanenadi, koma tinkanena kwa agogo a makilo 58. Awa ndi ena. Aphikireni."

Mtsikanayo wakhala akutsatira uphungu wathu mokhulupirika kuposa ophunzira ambiri. Anawaletsa nsima ya ufa woyera, mbatata, nthochi yakupsa, thobwa, tiyi wothira shuga. Anatsala ndi mgaiwa chipande chimodzi ndi masamba, munthu wopanda mano a m'mbali, amene nyemba ndi usipa wouma zimamukanika kutafuna. Uphungu umenewu tinaupangira bambo wa zaka 50 wa mimba yotsogola, ndipo timaunena pa khonde kwa onse nthawi imodzi. Kwa munthu wa zaka zopitirira 80, kuwonda mosafuna n'koopsa kuposa kunenepa pang'ono, ndipo shuga wotsika angamuphe usiku umodzi, pamene shuga wokwera pang'ono amatenga zaka kuti awononge maso ndi mitsempha. Nambala zokongola za shuga zimene zinkalembedwa m'buku mwawo, 90, 85, 78, ife tinkaziona ngati kupambana, chonsecho munthu anali kutha.

Kutalika sitinavutike nako. Msana wawo wapindika, ndipo BMI, nambala yofananiza kulemera ndi kutalika, ya munthu amene sangaongoke pa khoma ndi yongodzinamiza. Tepi ya pamkono imakwana m'thumba, sifuna mabatire, koma timaiona ngati ya ana ndi amayi oyembekezera basi.

Tinasiya glibenclamide, metformin, HCTZ ndi bufeni. Tinayamba omeprazole wa zilonda za m'mimba, mankhwala owonjezera magazi ndi albendazole wa njoka za m'mimba, mawondo tikupereka panado. BP yawo popanda mankhwala inali 128 pa 70. Ndinapita kukapempha chiponde, poti tepi yawo ili pansi pa 19 cm, kutanthauza kunyentchera kwakukulu. Anandiyankha mwaulemu kuti cha akuluakulu chikabwera chimapita kwa a ART ndi a TB, ndipo agogo alibe zonsezo, alibe kaundula woti alembedwemo. Munthu wokalamba wanjala alibe chitseko chake pachipatala.

Lachisanu pa msonkhano wa m'mawa ndinanena zonsezi, ndinaika buku lija patebulo. Yankho linali lomwe lija: tilemba kalata, ndalama za mwezi uno sizinafike, tidikire abwenzi otithandiza. Mwezi womwe uno galimoto ya chipatala yapita kunyanja ndi anthu okaphunzira za kukweza ubwino wa ntchito, ndi ndalama za chakudya ndi zogona zomwe. Sikelo ya pansi imagulidwa ndi ndalama yosakwana ya munthu mmodzi usiku umodzi kumeneko. Nditanena zimenezi chipinda chinati zii, kenako wina anasintha nkhani n'kuyamba za anthu ofika mochedwa pantchito.

Masana ake ndinabwerera ku OPD tepi ili m'thumba, ndipo wokalamba aliyense amene analowa ndinamuyeza mkono, kaya wabwerera chifuwa kaya maso. Mzere unachedwa, ena panja anadandaula mokweza. Agogo ena aamuna odwala BP, amene amamwa mankhwala a mitundu itatu, anandiuza kuti akaimirira amaona mdima ndipo lamba aboola mabowo ena awiri chaka chino. M'buku mwawonso kulemera sikunasinthe chiyambire.

Agogo aja tawatulutsa Loweruka, shuga ali pa 160 popanda mankhwala, akuyenda okha ndi ndodo. Ndalemba kalata kwa alangizi a zaumoyo a dera lawo kuti aziwayeza mkono, komanso akafotokozere amfumu kuti kusokonezeka kuja kunali kwa mapiritsi. Hb tidzayezanso pakatha milungu inayi ngati zoyezera zidzakhalepo. Kiliniki ya shuga ndi Lachiwiri likubwerali. Ndakapempha sikelo ya amayi oyembekezera, asisita akana, Lachiwiri ndi tsiku lawo la oyamba kumene.