Mphepo imene imapeta milalang'amba

Kwa masabata atatu tsopano ndakhala ndikulimbana ndi mutu umodzi m'maphunziro anga a sayansi ya zakuthambo kuno ku Johannesburg, wokhudza mmene malo amene mlalang'amba (khamu lalikulu la nyenyezi) uli amasinthira kuchuluka ndi kuthinana kwa gasi wopezeka pakati pa nyenyezi zake. Chimene chinkandivuta kuchivomereza chinali chakuti gasi wodzaza mipata ya pakati pa milalang'amba, m'magulu aakulu ngati Virgo ndi Coma, ndi wopyapyala kwambiri. Mu mlalang'amba wathu, kabokosi ka sentimita imodzi mbali zonse kamakhala ndi atomu pafupifupi imodzi, pamene m'mipata ya m'magulumo pangafunike timabokosi pafupifupi 1,000 kuti upeze kanthu kamodzi. Nanga chinthu chopyapyala chotero chingalande bwanji mlalang'amba wathunthu gasi wake?

Yankho lagona pa liwiro, ndipo akatswiri a zakuthambo James Gunn ndi J. Richard Gott analifotokoza mu 1972. Mlalang'amba ukagwera m'gulu lalikulu umathamanga makilomita 1,000 kapena kuposerapo pa sekondi, kudutsa m'gasi wotentha madigiri opitirira 10 miliyoni, ndipo liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imene gasi wotenthayo amakankhira gasi wa mlalang'ambawo imawirikiza kanayi. Akatswiri amaitcha ram pressure.

Masamuwo ndinawaloweza, koma kumvetsa kwenikweni kunabwera Lamlungu lina ku Turffontein, pamene ndinkafotokozera mayi wina wa kwathu amene timapemphera naye limodzi. Atamvetsera modekha anati, "Mwanawe, kumeneko ndi kupeta basi. Madeya amauluka, mphale imatsala m'lichero." Sanalakwitse ngakhale pang'ono. Haidrojeni womwazikana wa m'mphepete mwa mlalang'amba, kumene mphamvu yokoka ndi yofooka, ndi amene amayamba kuchoka, n'chifukwa chake milalang'amba yambiri yozungulira ya pakatikati pa Virgo imaoneka yodulidwa gasi m'mbali mwake. Mitambo yothinana ya chapakati, momwe nyenyezi zimabadwira, imalimbikira kwa nthawi yaitali, ndipo nthawi zina kukankhako kumaipanikiza mpaka kubereka nyenyezi zatsopano. Mlalang'amba wa ESO 137-001 m'gulu la Norma ukukoka mchira wautali wa gasi, ndipo mumchira momwemo mukubadwa nyenyezi. Choncho kunena kuti malo odzaza milalang'amba amachepetsa kuthinana kwa gasi n'kufupikitsa nkhani mopitirira muyeso, chifukwa funso loyamba ndi lakuti gasi wake uti.

Apa m'pamene pandisautsa pa nkhani ya milalang'amba yakutali. Haidrojeni womwazikana uja amadziwika ndi mafunde a wailesi otalika masentimita 21, amene telesikopu ya wailesi ya MeerKAT, ndi madishi ake 64 ku Karoo pafupi ndi Carnarvon, yakhala ikuwatchera khutu chiitsegulireni mu 2018. Koma mafundewa ndi ofooka, moti kutali kwambiri akatswiri amaphatikiza milalang'amba yambirimbiri kuti apeze chizindikiro chimodzi, kapena amadalira telesikopu ya ALMA ya ku Chile, imene imayeza gasi wa carbon monoxide wa m'mitambo yothinana. M'maganizo anga, izi zikutanthauza kuti nthawi zambiri timayeza mphale yotsala m'lichero n'kumaweruza nayo za madeya amene sitinawaone. Ndime imeneyi ya ntchito yanga ndailemba kale kawiri, ndipo aphunzitsi anga aibweza ndi funso loti ndisonyeze mtunda umene MeerKAT imalekera kuona mlalang'amba umodzi paokha.