Wodwala mpox akhale kwayekha, koma musamusiye ndi njala

Nkhani yatentha kuno ndi ya mnyamata wodwala mpox, matenda opatsirana otulutsa totupa ndi zilonda pakhungu, yemwe wabwerera kumsika patangotha sabata, akuti iye si mkaidi woti azitsekeredwa m'nyumba. Ufulu ali nawo ndithu, koma zilonda zakezo zingapatsirebe anthu matendawa. Kutentha thupi kukasiya sikuti wachira. Matendawa amasiya kufalikira nkhanambo zonse zikayoyoka n'kumera khungu latsopano, zomwe zimatenga masabata 2 mpaka 4.

Azigona m'chipinda chayekha. Bulangete, thaulo, mbale ndi kapu zikhale zake zokha. Zofunda zake musazikutumule chifukwa tinkhanambo timauluka, muzichape padera ndi madzi otentha ndi sopo. Amene anamukhudza adziyang'anire kwa masiku 21, ndipo akaona totupa, mwanabere kapena kutentha thupi athamangire kuchipatala.

Chimene chimandiwawa n'chakuti timauza munthu kuti akhale kwayekha osafunsa kuti adya chiyani. Mu Meyi 2020 anthu oposa 400 ochokera ku South Africa anathawa ku Kamuzu Stadium, komwe anawasunga kwaokha chifukwa cha Covid-19, akudandaula za chakudya ndi zimbudzi. Abale, gawanani masiku omusiyira nsima ndi madzi pakhomo, ndipo wina amugwirire geni yake kumsikako.