Ukazembe uli m'mabulaketi

Mtima wakhala m'malo tsopano, anzanga. Maphunziro a ukazembe a masabata atatu kapena anayi aja, amene amachitika ku Ulaya pakati pa Juni ndi Ogasiti, azungu akuti ndi chilimwe chawo pomwe ife kuno ku Harare tikukwera kombi titavala majuzi awiri, ali ndi mfundo imodzi imene imachedwa kulowa m'mutu. Yandilowa. Kazembe amadyera cholembera, ndipo nkhondo yake amamenyera pa liwu limodzi la m'chikalata.

Za pangano la Vienna la 1961 la malamulo a ukazembe, thumba la makalata a akazembe losatsegulidwa, ndi persona non grata (kazembe wosafunikanso m'dziko), sindichedwapo. Amene wadutsa chaka choyamba cha maphunziro a ukazembe amazidziwa.

Mayiko akakhala pansi amayambira pa chikalata choyamba, chomwe amati zero draft, cholembedwa ndi wapampando kapena dziko limodzi. Amachiwerenga ndime ndi ndime. Liwu lililonse limene wina wakana kapena wawonjezera amalitsekera m'mabulaketi angodya aja, pambali n'kulembapo dzina la dziko limene lalankhula. Akamamaliza kuwerenga koyamba chikalata chatupa, mabulaketi ali mbwee, ena m'kati mwa anzawo. Ntchito yonse yotsala ndi kuwachotsa, ndipo njira zake ndi zochepa. Wina agonje. Kapena musinthane, iwe undisiyire ndime yachinayi ine ndikusiyire yachisanu ndi chiwiri. N'chifukwa chake amati palibe chimene chatha mpaka zonse zitatha, ndipo ndime imene munavomerezana Lolemba itha kutsegulidwanso Lachinayi. Njira yachitatu ndiyo inanditsegula maso: kupeza mawu amene aliyense akabwerera kwawo akawawerenge momukomera.

Taonani chigamulo 242 cha Security Council, nthambi yoona za chitetezo ya United Nations, cha 1967, itatha nkhondo ya Israel ndi mayiko a Aluya. M'Chingerezi chimati Israel ichoke "from territories occupied", popanda kaliwu kakuti "the". M'Chifalansa muli "des territoires occupés". Ena amawerenga kuti achoke m'madera onse, ena amati m'madera ena. Mayiko onse 15 a m'nthambiyo anavota kuti inde. Ku Glasgow mu 2021, pa msonkhano wa zanyengo, mawu okhudza malasha anasintha pa mphindi zomaliza kuchoka pa "phase out" kukhala "phase down", India ndi China atalimbikira. Kuthetsa kunasanduka kuchepetsa, msonkhano n'kutsekedwa.

Ukazindikira zimenezi, aneni oyambira ndime amayamba kuoneka ngati makwerero. "Takes note of" ndiye kuti taona, basi, sitinalonjeze kanthu. "Welcomes" wafunda pang'ono. Kenako "encourages", "calls upon", "urges", mpaka "demands" ndi "decides". Nthumwi imene yatsitsa mneni kuchoka pa "urges" kufika pa "encourages" yagwira ntchito ya tsiku lonse, ngakhale sinaimirirepo kulankhula. Ankhoswe amazidziwa bwino izi, ngakhalenso munyai wa anzathu a Chishona pa nkhani ya roora, malowolo: "tamva" ndi "tavomera" si mawu amodzi, ndipo wanzeru amabwerera kwawo ndi "tamva".

Njira yophunzirira imene ndikuikira kumbuyo ndi imodzi, ndipo ndinganene kuti imaposa mabuku onse a chiphunzitso ataunjikidwa pamodzi. Pezani chikalata choyambirira ndi chomaliza cha nkhani imodzi. Za United Nations zambiri zili pa intaneti mwaulere. Sindikizani zonse ziwiri papepala, chifukwa pafoni maso amadumpha timawu ting'onoting'ono, komanso magetsi akathima pepala silizima. Jambulani mizere itatu: mawu akale, mawu atsopano, ndi amene wapindula. Yambani ndi aneni, kenako manambala ndi masiku, pomalizira timawu tofewetsa monga "as appropriate". Masamba awiri okha amadya maola atatu ukamachita bwino. Cholakwika chofala ndi kuthamangira ndime zoyambirira zofotokoza mbiri, pomwe nyama ili m'ndime za manambala zimene zimalamula zochita.

Pa masewero oyerekeza msonkhano, amene amapatsa malikisi ambiri, ophunzira amagwa pa zomwezomwezi. Amathera usiku kukonza zolankhula za mphindi ziwiri, kenako n'kuulula malire awo onse tsiku loyamba. Mnzawo wochenjera wakhala kale pakona ndi laputopu, ndipo mawu ake ndiwo asanduka poyambira aliyense. Wogwira cholembera sapempha kuti mawu ake alowe. Enawo ndiwo amavutika kuti awachotse. Chinanso, kuwerenga mavoti sikukwanira. Mu Julaye 2008 chikalata chofuna kuika zilango pa atsogoleri a Zimbabwe chinapeza mavoti 9 ofunika kuti chidutse ku Security Council, koma Russia ndi China, amene aliyense ali ndi mphamvu yoletsa chigamulo payekha, anakana, chinafera pomwepo.

Chimene chimandinyansa ndi kagawidwe ka nthawi. Aphunzitsi ambiri amatha sabata yoyamba yonse pa pangano la mtendere la Westphalia la 1648 ndi magulu a chiphunzitso, zinthu zoti munthu akanawerenga ali kunyumba, ndiye kulemba chikalata amakupatsa masana awiri a sabata yomaliza, anthu atatopa, ena akulongedza kale zikwama. Masana ena amapita ndi ulendo wokaona nyumba za mabungwe ndi kujambulitsa pa mbendera. Zithunzi n'zokongola, inde. Koma ndalama zimene makolo a ku Mbare kapena Mufakose asonkha si zogulira chithunzi.

Nkhani ya makirediti, muyeso wa ntchito ya kosi ku yunivesite, nayo imapweteka amene sanafunse msanga. Ku Ulaya kirediti imodzi ya ECTS, dongosolo lawo lowerengera makirediti, ndi maola 25 mpaka 30 a ntchito, pomwe muno mu Zimbabwe kirediti imodzi amaiwerengera maola 10. Papepala, kosi ya ECTS 6 ndi maola 150 mpaka 180, koma masamu okhawo sakulowetsani. Dipatimenti yanu ndiyo imagamula ngati kosiyo ikulowa m'malo mwa ina. Tengani silabasi yonse, yosonyeza maola ndi mtundu wa mayeso, mupite nayo kwa mkulu wa dipatimenti musanalipire, ndipo chilolezo chikhale cholembedwa. Funsaninso ngati pomaliza adzakupatsani chikalata cha magiredi kapena satifiketi yongoti munalipo, poti yachiwiriyo kawirikawiri siwerengedwa. Viza ya Schengen, yolowera m'mayiko ambiri a ku Ulaya, ndi mayuro 90, imafuna inshulansi ya zaumoyo yofika mayuro 30,000, ndipo mutha kufunsira kutatsala miyezi isanu ndi umodzi. Odikira Meyi amapeza masiku atadzaza.

Ndibwerere ku mabulaketi, chifukwa pali pamene pakundisowetsabe mtendere. Pa 15 Seputembala 2008, mumzinda uno, Robert Mugabe, Morgan Tsvangirai ndi Arthur Mutambara anasaina pangano logawana mphamvu, Thabo Mbeki ali mkhalapakati. Panganolo linanena chiwerengero cha maunduna a chipani chilichonse koma silinanene kuti unduna uti upita kwa yani. Mwina likadanena sakadasaina n'komwe. Komatu mkangano wa unduna wa zam'dziko, umene umayang'anira apolisi, unakoka miyezi, mpaka boma linadzayamba mu Febuluwale 2009 undunawo uli ndi nduna ziwiri. Ndiye kusiya mawu osamveka kuja kunapulumutsa zokambirana, kapena kunangokankhira ndewu kutsogolo? Pa 242 anthu akukanganabe mpaka lero. M'kalasi amakupatsa malikisi ukapeza liwu lonyengerera mbali zonse, ndipo ine ndikulisangalalira lusoli, koma poti liwu lotere lifunika liti ndipo lipewedwe liti, apa mutu sunagwirebe.