Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 17: Inchi Imodzi ya Tayala

M'gawo lapitali ndinasimba mmene tinagulira kart yakale, kagalimoto kakang'ono ka mpikisano, kwa mnzanga wa kuntchito kuno ku North Carolina, ku America, mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 11. Lero ndisimba za Loweruka lathu lachitatu ku mpikisano.

Bwalo lake ndi lozungulira ngati dzira, la katondo wofiira psuu, ndipo amakhotera kumanzere kokhakokha. Injini sinandiopse ayi. Ndi ya 196cc, amaitcha clone chifukwa anaitengera pa Honda GX200, yomwe ija imayendetsa majenereta ndi mapampu a madzi kwathu. Ndinakulira m'galaja ku Ndirande, choncho injini yotere ndimaimasula ndi kuimanga bwinobwino. Chimene chinandizunguza mutu ndi matayala.

Titayeserera koyamba, mwana anavula chipewa nkhope ili yakugwa. "Adadi, ikukana kukhota. Ndikapinda chiwongolero ikungolunjika kukhoma." Ndinatenga sipanala n'kuyamba kugwiragwira kutsogolo, poti kwa makaniko aliyense galimoto ikakana kukhota vuto limakhala kutsogolo. Anabwereranso m'bwalo, koma palibe chinasintha. Mtima unandiwawa kwambiri pomuona akudutsidwa ndi anzake onse, iye akulimbana ndi chiwongolero ndi timanja take.

Achikulire ena amene anaimika ngolo yawo yonyamulira kart pafupi nafe, omwe ankathandiza mdzukulu wawo, anabwera ndi katepi kopyapyala m'manja. Sanalankhule zambiri. Anakulunga tepi kuzungulira tayala lakumbuyo la kumanja, linakwana mainchesi 34. La kumanzere linakwana 33 ndi 3/4. Anapukusa mutu n'kundiuza kuti stagger yanga ndi yochepa kwambiri pa bwalo laling'ono ngati limenelo.

Apa ndifotokoze bwino, chifukwa ndi pamene maso anga anatsekukira. Galimoto wamba ili ndi difu, imene imalola tayala lakunja kuzungulira mwachangu kuposa lamkati pokhota. Kart ilibe difu, ilibenso masipuling'i. Matayala awiri akumbuyo ali pa ekiselo imodzi yachitsulo ndipo amazungulira mofanana nthawi zonse. Komatu pakona tayala lakunja lili ndi ulendo wautali kuposa lamkati. Akakhala ofanana kukula, amakankhira kart kutsogolo basi, ngakhale woyendetsa apinde chotani. Ndiye amachita dala kuti la kumanja likhale lalikulu, ndipo kusiyana kumeneko ndi kumene amati stagger. Achikulire aja akulongosola, ine m'mutu munabwera ndowa yachitsulo ya amayi. Tili ana tikaigubuduza pabwalo sinkapita molunjika, inkazungulira yokha kulowera kumene kuli thako lake laling'ono, poti kukamwa kwake n'kwakukulu. Nzeru yake ndi yomweyo.

Anatibwereka tayala lawo la kumanzere la mainchesi 32 ndi 3/4, kusiyana kunafika inchi imodzi ndi kota. Ndinafuna kuthamangira kuliika, koma anandiletsa. Anati ndiyambe ndabwezera zonse zimene ndinagwiragwira kutsogolo mmene zinalili, kenako tikweze kart pa masikelo anayi mwana atakhalamo. Chifukwa chake n'chakuti ukachepetsa tayala lakumbuyo la kumanzere, kulemera kumene limasenza kumatsika, ndipo cross, kutanthauza kulemera kwa tayala limenelo kuphatikiza lakutsogolo la kumanja, imatsikira limodzi. Tinaibwezera posuntha mawashala a pa spindle, chitsulo chimene chimagwira tayala lakutsogolo. Zinatitengera mphindi zochepa chabe.

Anandichenjezanso kuti stagger ikachuluka imabweretsa mavuto ake. Panjira yowongoka matayala amakanganirana, liwiro limatsika, ndipo potuluka pakona kumbuyo kumatha kuterereka mpaka kart kutembenuka. Bwalo lalikulu la makona otambasuka limafuna yochepa, laling'ono limafuna yambiri. Ndipo tayala uliyeze lili ndi mpweya umene ukathamangire nawo, umene pa dothi umakhala wochepa zedi, nthawi zambiri sufika 10 psi. Kuyeza lili lopopedwa kwambiri n'kudzinamiza. Ena ambiri pabwalopo amalimbikira mankhwala opaka pa matayala, koma ine mpaka lero ndimakhulupirira kuti munthu woyamba kumene aziyamba wadziwa tepi ndi sikelo.

Mpikisano waukulu unayamba magetsi atayatsidwa. Ndinaima pa mpanda manja ali thukuta. Pakona yoyamba kart inalowa yokha, mwana osalimbana nayo, inatsata m'mphepete mwamkati n'kutuluka bwino. Sanapambane, anamaliza pakati pa gulu, koma anadutsa anzake awiri, koyamba chiyambire. Atatsika anandikumbatira fumbi lofiira lili thupi lonse. "Adadi, lero imandimvera."

Pobwerera amayi ake anakhala chete nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti tepi yotero imagulidwa kuti. Lolemba ndinakaigula, pamodzi ndi kope lolembamo miyezo ya tayala lililonse. Madzulo ake m'galaja yapakhomo ndinayesa kukulitsa tayala koyamba, kulipopa kwambiri n'kulitenthetsa kenako kuliziziritsa m'madzi, monga anandilangizira achikulire aja. Mmene zinathera ndidzasimba m'gawo lotsatira.