Sindinalowe Chibuda ayi, thalauza ndi lomwe linang'ambika

Poti chithunzi chija chondionetsa nditagwada, nsapato nditavula, pamaso pa mutu wamwala wa ku Cambodia chafika kale mpaka kwa azakhali ku Ntcheu ndipo ena mwa inu mwayamba kundiitana kuti "abusa a ku Cambodia", lekani ndinene ndekha momwe zinakhalira, chifukwa mwana wa achemwali anga amene anandijambula uja akufotokoza zokomera iye basi.

Nsapato zija sindinavule mwaumbuli. Titangolowa mu Musée Guimet, nyumba yoonetsera zinthu zakale za ku Asia yomwe ili pa place d'Iéna ku Paris, chinthu chomwe chimakulonjera ndi chinjoka chamwala cha mitu 7, chachitali moti umachita kupendeka khosi, zimphona zitachigwira thunthu. Anachichotsa ku kachisi wa Preah Khan ku Angkor nthawi yomwe Cambodia inali m'manja mwa Afalansa, ndipo musandifunse kuti anachinyamula bwanji chimwala chonsecho mpaka kuno, kaya eni ake anavomera ndi mtima wonse, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Ndiye pafupi ndi chinjokacho panaima mayi wina wachizungu, nsapato zili m'manja, maso ali mmwamba, wangoti zii. Ine ndinakulira pafupi ndi mzikiti, ndimadziwa kuti malo opatulika a anzathu supondamo ndi nsapato. Ndinawerama, ndinamasula zingwe, ndinanyamula nsapato zanga mwaulemu wake. Ndinadzazindikira mochedwa kuti mayi uja zinali gogoda zomwe zinamutulutsa matuza.

Mwana wa achemwali anga uja anali atapita kale kutsogolo, ndiye ndimati ndimuthamangire pang'ono ndimuuze kuti iwe vula nsapato usatichititse manyazi. Masokosi anali atsopano, a nayiloni aja, pansi pake posalala kwabasi. Phazi lamanja linapita ku Thailand, lamanzere linatsala ku Vietnam, ine pakati ndinangoti khu ndi maondo onse awiri, nsapato zinagwa patsogolo panga moyandikana bwinobwino ngati ndachita kuziyala, manja ndinawaphatikiza pachifuwa pofuna kudzigwira. Ndipo nthawi yomweyo kumbuyo kunamveka kuti kweee, mawu aatali, osathamanga, kuyambira palamba mpaka pansi. Thalauza la suti ya ukwati wanga, lomwe ndinalisoketsa ndisanadziwe chakudya cha ku Leeds ku England komwe ndimakhala.

Nditadzutsa mutu ndinapeza kuti ndagwada ndendende pamaso pa mutu wamwala wa mfumu ina, maso ake otsinzina, milomo ikumwetulira pang'ono chabe. Abale, kumwetulira kumene kuja. Sikuseka ayi, komanso si chisoni. Ndi nkhope ya munthu amene wamva kweee yense kuyambira poyamba mpaka pomaliza koma waganiza zotseka maso kuti asakuchititse manyazi, ndipo akulimbana nako kuseka kuti kusatuluke. Ndinamuyang'ana, iye osandiyang'ana. Ndinayang'ana kumbali nkubwereranso, akumwetulirabe. Ndinayamba kumukwiyira mumtima kuti bambo inu ngati mukufuna kuseka sekani tione, koma ayi ndithu, zaka 800 akuchita kugwira kuseka komweko kudikirira ine.

Ndimati ndidzuke mwachangu, ndikumva kumbuyo kwanga mapazi ambirimbiri akuima. Gulu la alendo achikulire ochokera ku Asia, agogo okhaokha, ndi wowatsogolera wawo amene amalankhula mokweza koma atandiona anatsitsa mawu mpaka kunong'ona. Anaima patali pang'ono kundipatsa mpata woti ndimalize mapemphero. Agogo ena aakazi anaphatikiza manja nawonso nkuweramitsa mutu. Tsopano inu amene mukundiseka, mukanatani? Kumbuyo kwanga kuli anthu a msinkhu wa amayi anga, thalauza latseguka, ndipo kabudula wamkati tsiku limenelo anali wachikasu uja wa pa kaunjika amene mkazi wanga wakhala akundiuza kuti nditaye. Ndikagwada nditakhalira zidendene, jekete la suti limaphimba. Ndikadzuka, dziko lonse la Asia liona.

Ndiye ndinakhala pomwepo. Ndinatseka maso. Milomo imayenda, eya sindikana, koma ndimanena Atate Wathu, ndipo nditamaliza ndinawonjezera pempho langa loti Ambuye chotsani anthu awa apite akaone mbale za ku China m'zipinda za pamwamba. Iwo osasuntha. Mwina amaganiza kuti mwana wa ku Africa uyu chikhulupiriro chake ndi chozama, tisamusokoneze. Bondo lamanzere likuwawa, thukuta likutsika m'khosi, mfumu ija ikumwetulirabe.

Apa mpamene anatulukira mphwanga. M'malo mondithandiza anatulutsa foni, kenako anaima pambali panga nkuyamba kundiphunzitsa monong'ona ngati tili mkalasi.

"Ankolo, mukuwadziwa amene mukuwagwadirawa? Akuti ndi Jayavarman VII, analowa ufumu mu 1181. Ndi amene anamanga akachisi a Bayon ndi Preah Khan komwe kunachokera chinjoka chija. Anamanganso zipatala 102 m'dziko lake."

Ndinamuyankha osatsegula maso kuti zipatala 102 ndamva, koma telala anasiyako mmodzi? Anayang'ana kumbuyo kwanga, anamvetsa, ndipo mwana wopanda mwambo uja anachita kuluma kolala ya malaya ake kuti asaphulike. Chithunzi chomwe mwaonacho anajambula nthawi imeneyo, nchifukwa chake chili chogwedera.

Amene anandipulumutsa ndi bambo wina wolondera m'chipindamo, munthu waulemu kwambiri. Anabwera pang'onopang'ono nkuwerama, "Monsieur, ça va?" Ine Chifalansa changa chonse ndi "oui" ndi "merci", ndiye ndinazinena zonse ziwiri kangapo. Analoza nsapato zanga nkuloza mapazi anga, kusonyeza kuti muno timavala, kenako naye anaona vuto lenileni, nkhope yake osasintha ngakhale pang'ono, anangotembenuka nkuyamba kulankhula ndi gulu lija kulilozera mbali ina. Mphwanga anavula juzi yake, ndinaimanga m'chiuno, ndinadzuka ngati nkhalamba yomwe yachokera kumunda. Agogo aja podutsa anandiweramira, ine ndinawaweramiranso koma pang'ono kwambiri, pazifukwa zomwe mukuzidziwa.

Tikiti tinali titalipira kale ndiye sindikanatuluka. Ndinazungulira nyumba yonse juzi ili m'chiuno, kuyenda motsamira makoma. Ndinaona minyanga ya njovu yosema ndi magalasi akalekale a ku Begram ku Afghanistan, zinthu zokongola zedi, koma chilichonse chomwe chimafuna kuwerama kuti uchione bwino ndinachidutsa.

Ndipo pali zinthu ziwiri zomwe ndikufuna mukawauze azakhali. Émile Guimet, mwini wake amene anayambitsa nyumbayi, anali mwana wa munthu wolemera wa ku Lyon amene anatulukira njira yopangira utoto wa buluu, ndipo atayenda ku Japan, China ndi India mu 1876 cholinga chake chinali nyumba yoonetsera zipembedzo za anthu. Anaitsegula ku Lyon mu 1879, kenako inasamukira ku Paris mu 1889. Ndiye munthu kugwada m'nyumba ya zipembedzo, chodabwitsa nchiyani? Chachiwiri, pamwamba pali laibulale yozungulira, ndipo mphwanga yemweyo ndi amene anandiuza kuti mu 1905 mayi wa ku Netherlands wotchedwa Mata Hari anavina mmenemo pamaso pa anthu olemekezeka akuchotsa nsalu imodziimodzi mpaka kutsala pafupifupi chabe, anthu nkumawomba m'manja. Ine ndangovula nsapato ziwiri, china chija chinadzivula chokha, ndiye mukundiyika pa gulu la banja ndi mawu oti "ankolo atembenuka".

Abusa athu anditumizira uthenga kuti tikacheze Lachitatu madzulo, sananene kuti za chiyani. Thalauza lidakali m'chikwama, amene akudziwa telala wotchipa ku Leeds andiuze, koma asakhale Mmalawi.